Ndakatulo ya Makanja yamulowa mwana wanga, akuti asiya ntchito

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare kuno ku Zimbabwe, amene wangosaina kuti Naphiri. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Aphunzitsi, ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wamasiye, ndimaoda zitenje ndi usipa ku Malawi n'kumagulitsa kuno. Mwana wanga wamwamuna, wa zaka 24, amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Mwezi watha pa msonkhano wa sosaiti yathu ya maliro analakatula ndakatulo yolemba yekha. Anthu anaimirira, ena anamufupa, ndipo vidiyo yake yayenda pa WhatsApp mpaka abale a ku Dedza aiona. Chilakatulireni mwana uja wasintha. Akuti asiya ntchito akhale mlakatuli, ndipo akupempha madola 800 amene ndilandire ku mukando (gulu lathu la amayi losonkherana ndalama) mu Disembala kuti agulire foni yabwino ndi kulipira ojambula. Ndikamuletsa amandiyankha ndi mawu a ndakatulo yomweyo. Mbali ina imati:

Makanja sapempha nthaka kuti imugwire,
amaitsanzika, n'kukwera m'mwamba.
Inu oopa kugwa khalani pamphasa,
fumbi la ovina likuthireni m'maso.

Amayi anga amawoloka Nyamapanda usiku,
katundu pamutu, pemphero pakamwa.
Sanafunsepo Zambezi ngati ali ndi chisoni.
Ine ndine mwana wa owoloka.

Kodi akutinyoza ife amene tinamulera? Ndimupatse ndalamazo kapena ndimukanize? Usiku sindikugona."

A Naphiri, choyamba mtima ukhale pansi. Mnyamata amene waimirira pamaso pa akuluakulu a sosaiti n'kulankhula Chichewa choti a ku Dedza n'kugwedeza mutu, ameneyo si mwana wotayika. Ana athu ambiri obadwira kuno Chichewa amangochimva, poyankha amayankha m'Chishona, ndipo ena amabisa n'komwe kumene agogo awo anachokera poopa kutchedwa mabhurandaya. Wanuyu sanakabwereke chithunzi kutali. Watenga chapakhomo, Makanja wovina pa miyendo yaitali ya mitengo, wa mu gule wamkulu yemwe anansi athu ena amamuseka kuti zvigure, chonsecho UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse a padziko. Pamenepo pokha munalera bwino.

Ndaphunzitsa mabuku ndi zisudzo m'sukulu za m'malokeshoni muno zaka zoposa 30, ndipo matenda mukufotokozawa ndawaona kambirimbiri. Amayamba tsiku limene munthu waomberedwa m'manja koyamba. Kuomberedwa m'manja kumaledzeretsa kuposa kachasu, ndipo matsire ake amatenga miyezi. Si misala, si mwano. Koma munthu woledzera sitimupatsa chikwama kuti asunge.

Tiyeni tiiwerenge ndakatuloyo, chifukwa yankho la funso lanu lili momwemo.

Ndime yoyamba ndi imene inaimiritsa anthu, ndikukhulupirira. Imamveka bwino pakamwa, ndipo mzere wa fumbi uja ndi wakuthwa. Koma ndimeyi ikunama. Za kudambwe sindizikhudza, si zokamba pano. Ndinena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Amene anaonererapo gule ku Mufakose konko, ku Dzivarasekwa kapena ku Mabvuku akudziwa kuti Makanja asanatulukire atsabwalo amayamba aliyendera bwalo lonse, kutola miyala, kukwirira timaenje, kukankhira anthu m'mbuyo. Pamatope satuluka. Akatopa sakhala pansi ngati anzake, amakatsamira mtengo kapena denga, ndipo pamakhala anthu amene maso awo sachoka pa miyendo yake. Woimba ng'oma naye amadziwa kuti akaithamangitsa mopusa wagwetsa mnzake. Mwa zilombo zonse za gule, Makanja ndiye amene amaipempha nthaka kwambiri, chifukwa akagwa amagwa kuchokera kutali. Kulimba mtima kumene woonerera amakuona kwa mphindi zochepa kwakhala pa ntchito ya anthu ambiri osaomberedwa m'manja, ena mwa iwo ndi omwe ali pamphasa aja, amene akuimba nyimbo kuti gule avine.

Ndime yachiwiri ndiyo ndakatulo yeniyeni. "Katundu pamutu, pemphero pakamwa" ndi mzere wa munthu amene wakhala akukuonani mukunyamuka, iye n'kutsala akuwerenga masiku. Mwafunsa ngati akukunyozani. Ayi mayi, akudzitama ndi inu. Akunena kuti kulimba mtima kwake anayamwira kwa inu. Mwina sanakuuzenipo pamaso, pakuti anyamata amachita manyazi, ndiye wakuuzirani pagulu.

Komabe apanso walakwitsa, ndipo inu nokha ndi amene mungamukonze. Akuti simunafunsepo Zambezi. Mchemwali wanga anachita geni yomweyi zaka zambiri, ndiye ndikudziwa mmene imayendera. Musananyamuke mumafunsa mmene kwacha ikusinthira. Mumadziwa basi yoti nkukwera ndi yoti nkuileka idutse. Ndalama simuika pamodzi, ina m'chikwama, ina m'kansalu ka m'chiuno, ina musokosi. Ya kasitomu imakhala payokha. Simuoda usipa wokhawokha nyengo ya mvula poopa kuti uola. Mumayenda ndi mnzanu woti wina akadwala pa Tete mnzake aperekeze katundu. Mwana wanu waona kuwoloka kokha, masamu onse aja sanawaone, chifukwa mumawachita usiku iye atagona.

Ndipo taonani kumene analakatulira: pa sosaiti ya maliro. Makolo athu amene anabwera kuno wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, analidi anthu oika moyo pachiswe. Ambiri anachona, ena anathera m'njira. Koma sankanyamuka okhaokha, ankayenda m'magulu, atasunga pamtima dzina la mbale woti akafikireko. Ndipo atangofika chimene anayamba n'kusonkherana kuti wina akamwalira asaikidwe ngati galu kudziko la eni. Sosaiti ija ndi mphasa imene owolokawo anayala kuti wogwa agwerepo. Mwana wa owoloka ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri za nkhani ya kwawo.

Tsopano, mnyamatayu wasakaniza zinthu zosiyana m'mphika umodzi n'kuzitcha zonse kulimba mtima. Pali chiopsezo chimene luso limafunadi, ndipo chimenecho musamuletse. Ndicho kuima pamaso pa anthu ndi mawu ako n'kuvomera kuti mwina aseka, mwina angokhala chete. Kunena chinthu choona chimene ukuchita nacho manyazi. Kusiya kalembedwe kamene kanakuombetsa m'manja dzulo n'kuyesa kena kamene sukudziwa ngati kagwira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo alakatuli ambiri amene ndinawaphunzitsa anafera m'makope awo chifukwa choopa zimenezi. Ine ndemwe ndinaiwalapo mizere pakati pa holo yodzaza, ndinangoima ngati chitsa mpaka mayi wina kumbuyo anayambitsa nyimbo kundiwombola. Ndinapita kunyumba wopanda bala, m'thumba munali momwemo. Kugwa kotere n'kotchipa, ndipo munthu sakhala mlakatuli asanagwe choncho kangapo. Dziwaninso kuti mwana wanu sanayesedwebe. Anthu a sosaiti amakudziwani, anawadziwa malemu bambo ake, akanamuombera m'manja ngakhale akanawerenga mndandanda wa osonkha. Akaime pamaso pa anthu osamudziwa m'tauni, pamene alakatuli 10 akudikira maikolofoni imodzi, ndipo theka la omvera silimva Chichewa.

China ndi cha malamulo, ndipo ichi amayi ambiri sachiganizira. Ndakatulo inamangitsapo anthu. Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anagwidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kuno malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 61, amateteza ufulu wolankhula ndipo amatchula ndi ufulu wa aluso womwe. Koma gawo 33 la lamulo la milandu, lokhudza kunyoza mtsogoleri wa dziko, likadalipo, ndipo anthu amamangidwa nalo pa zimene anena kapena kulemba pa foni. Ndakatulo ya Makanja ilibe vuto. Koma wachinyamata akaona kuti mawu olasa akuluakulu ndi amene amayenda msanga pa Facebook, amakopeka. Sindikuti atseke pakamwa. Ndikuti akafuna kulasa adziwe chimene akulasa, akhale ndi nambala ya maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights, ndipo zikalata zake za unzika zikhale zolongosoka. Ana ambiri a ife obwera akuyendabe ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo, chonsecho malamulo a 2013 omwewo anawatsegulira njira yokonzera. Makolo athu ankadziwa kuphiphiritsa. Nyimbo za pamtondo zinkadzudzula mwamuna ndi apongozi popanda kutchula dzina, ndipo mwini nkhani ankamva. Luso limenelo aliphunzire.

Chotsala ndi chimene chakusowetsani tulo: ntchito yake ndi ndalama zanu. Apa ndilankhula mosapsatira. Kusiya ntchito sikuwonjezera mzere ngakhale umodzi wabwino pa ndakatulo. Achinyamata a mu Harare amakonda nkhani ya mlembi Dambudzo Marechera, amene ankagona m'mapaki n'kumalemba pa taipi yake pabwalo lomwe lero ndi Africa Unity Square. Amaiwala kuti luso lake linachokera m'kuwerenga kosalekeza, osati m'kugona panja, ndipo anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 35 zokha. Njala siphunzitsa kulemba. Imangochititsa munthu kulemba zotamanda aliyense amene wamugulira sadza.

Ndikuuzeni zanga. Mu 2007 ndinatenga ndalama zimene ine ndi mayi a kunyumba tinkasunga kuti tifolere chipinda, n'kukasindikiza kabuku ka ndakatulo zanga. Ndinawauza kuti luso limafuna munthu wolimba mtima, mawu omwewa mukuwamva lero. Mabuku anatuluka mochedwa, ndipo pofika 2008 ndalama ya buku limodzi logulitsidwa m'mawa sinkakwana kombi madzulo. Mukukumbukira nyengo ija, mpaka tinafika pogwira pepala limodzi la madola 100 thililiyoni kumayambiriro kwa 2009. Makatoni ena akadali kunsi kwa bedi, njenjete zikuwerenga. Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo ayi. N'chakuti mvula ya chaka chimenecho inavumba ana anga, osati ine ndekha. Ndinavina Makanja pa miyendo ya anthu ena.

Funso loti mumufunse mwana wanu ndi limenelo: ukagwa, athyoke ndani? Akagwa pa nsanja athyoka yekha, ndipo achira. Akagwa ndi madola 800 a mukando, wathyola mpamba wanu wa Januwale, lendi, ndi dzina lanu kwa amayi anzanu a m'gulu. Mukudziwa nokha mmene mpamba umathera m'dziko muno. Amalonda a ku Mbare Musika anagona ali ndi katundu n'kudzuka ali ndi phulusa moto utabuka mu Okutobala 2024. Ndalama yasintha dzina kangapo m'zaka zochepa, bond mu 2016, ZiG mu 2024. Munthu wa geni amakhala kale m'mwamba tsiku ndi tsiku, safunika wina womugwedezera mitengo.

Aluso amene anapita patali ambiri sanalumphe chilumphire. Alick Macheso, mwana wa kwathu wokulira pafamu, anakhala zaka zambiri akuimba besi mu Khiama Boys pansi pa Nicholas Zakaria asanayambe gulu lakelake kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, kumene kusema miyala kunayamba mu 1966 ulimi wa fodya utavuta pafamu ya Tom Blomefield, ambiri mwa osema oyamba anali antchito a pafamupo ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Anayamba ndi mwala umene unali pansi pa mapazi awo, pamalo pamene ankagona kale. Mwana wanunso mwala wake ali nawo: foni imene inajambula vidiyo yofika ku Dedza ija ndi yokwanira kujambula zina 20.

Muyeneranso kudziwa kumene ndalama ya mlakatuli imachokera mu mzinda uno, chifukwa iye mwina akuganiza kuti imagwa kuchokera pa intaneti. Imachokera ku maukwati, ku maliro ndi pa ziliza, ku misonkhano ya mipingo ndi mabungwe, kuyendetsa mwambo, kulemba mawu otsatsa malonda, ndi mwa apo ndi apo ku zikondwerero monga Shoko Festival. Zambiri mwa izi zimachitika Loweruka, Lamlungu ndi madzulo, nthawi imene sitolo yatseka kapena yatsala pang'ono. Malo olakatulirapo nawo sakhalitsa. Book Café, kumene alakatuli ambiri a mu Harare anakulira, inatseka mu 2015. Koma iye ali ndi chimene anzake alibe. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, National FM imaulutsa mapulogalamu m'chilankhulo chathu, ndipo alakatuli achichewa odziwa kuima pagulu kuno ndi owerengeka. Pa ukwati uliwonse wa ana a kwathu, kuyambira Epworth mpaka Norton, pamasowa munthu wotamanda mafuko molongosoka, a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe. Msika umenewo ndi waung'ono koma ulibe mwini.

Ndiye ndikanakhala inu, madola 800 sindikanapereka. Koma sindikanakananso mokalipa, chifukwa mukatero mwasanduka wa pamphasa wa m'ndakatulo uja, ndipo iye wapeza mdani amene ankamufuna kuti nkhani yake ikome. Itanani atsibweni ake, kapena ngati ali kutali, mkulu wa sosaiti amene mnyamatayo amamulemekeza, mukhale pansi atatu. Mupangane miyezi 6. Ntchito asasiye. M'miyezi imeneyo alembe ndakatulo zatsopano zosachepera 12, alakatule kosachepera kasanu kwa anthu osamudziwa, ndipo akhale ndi kope lolembamo ndalama iliyonse imene luso lamubweretsera ndi iliyonse imene lamudyera, ya kombi ndi ya data yomwe. Mwezi uliwonse azipatula kangachepe pa malipiro ake. Ena amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye adzakuuzani mwambi umenewo. Mumuyankhe kuti amene anavumbwa uja anathamangira phanga lachiwiri asanaone ngati lili ndi denga. Kope lija likadzaonetsa kuti kwa miyezi ingapo yotsatizana luso likubweretsa zofika ngakhale theka la malipiro ake, pamenepo nkhani yochepetsa masiku a ntchito ingakambidwe. Ngati mtima wanu ukufuna kuikapo dzanja, ikanipo ndalama imene ikatayika simudzadandaula, kaya madola 50, kaya 100, ndipo munene poyera ngati ndi mphatso kapena ngongole. Zobwerekana za mayi ndi mwana zosatchulidwa dzina ndi zimene zimadanitsa mabanja. Mumuchenjeze za katapila, ndiponso asasaine pepala lililonse la ojambula kapena olonjeza kumutchukitsa asanaliwerengetse kwa munthu wodziwa malamulo. Ndaona ana atagulitsa ndakatulo zawo zonse ndi siginecha imodzi pofuna vidiyo yowala.

Anyamata ambiri amene ndinawapatsa pangano lotere anafika pa ndakatulo yachinayi n'kuzizira okha, popanda wokangana naye. Ochepa anapitirira, ndipo amenewo sanafunenso ndalama za amayi awo.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka musadikire miyezi 6. Ngati akutha masiku osagona koma osatopa, akulankhula mothamanga kosalekeza, akudziona ngati wosankhidwa mwapadera, akugawa katundu wake kapena kuwononga ndalama mosadziletsa, kameneko sikuledzera kwa m'manja kwa masiku onse. Chimodzimodzi ngati wasiya kudya, akuwonda, akusowa usiku, zinthu zikusowa m'nyumba, kapena akuchezera m'mashopu a juga ya mpira. Mutoriro ndi bronco, zozunguza bongo zija, zawononga ana ambiri m'malokeshoni athu, ndipo ena amanamizana kuti zimatsegula mutu wa luso. Ndipo mawu oti kugwa akayamba kuwatchula ngati chinthu chimene akuchilakalaka, kapena akanena za kufa, mufunseni mwachindunji tsiku lomwelo ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala. Yambirani ku kiliniki ya kwanuko. Kumeneko angakutumizeni kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kumene kuli madokotala a matenda a maganizo. Pa zimene mwalemba sindikuona zimenezi, ndangozitchula kuti muzidziwe.

Inunso mayi, tulo tanu ndi nkhani. Mukatha milungu iwiri musakugona bwino, kayezetseni BP, ndipo funsani ngati pa kiliniki yanu pali agogo a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsira ku Mbare. Amakhala nanu pabenchi n'kumvetsera, kwaulere. Mwasenza nokha kuyambira pamene bambo anatisiya, ndipo msewu wa Nyamapanda sufuna munthu wosinza.

Musanaitane atsibweni, chitani ichi. Madzulo ena, muli awiri kukhitchini, mumupemphe akulakatulireni ndime yachiwiri ija inu nokha. Akamaliza mumuthokoze, kenako mumufotokozere ulendo umodzi wonse monga umakhalira, kuyambira pokwerera mabasi pa Roadport: ndalama zingati, zobisidwa pati, munalira pati, munabwerera pati osaoda chifukwa mtengo unakwera. Mumuuze kuti mzere wa fumbi ausiye, ndi wabwino ngakhale uli wamwano, koma wa Zambezi aukonze. Akaukonza anditumizire. Ndikufuna ndione ngati ndalama ya musokosi ija ilowamo.